Apongozi kumbuyo kwa galimoto ya mpikisano

Sabata ino funso limodzi landipeza katatu, ndipo katatu konse ndayankha mosiyana. Vuto lokhala mphunzitsi kuno kugombe la Chilwa ndi lakuti anthu amayesa munthu wowerenga Chingerezi amadziwa zonse, kuyambira mankhwala a nsikidzi mpaka za m'mimba mwa galimoto. Funso lake ndi ili: kodi galimoto ya alamu anga ndi yomweyo ya pachithunzi, kapena anawapusitsa?

Alamuwo ndi a Waisoni, amuna a mlongo wanga Esitere. Anagwirapo ntchito pa galaja ina ku Halale. Anzawo pobwerera kumudzi amabwera ndi makina osokera, njinga, jasi, ena galamafoni. Iwo chaka chatha anatulukira ndi galimoto yofiira, yopanda denga, yaifupi moti mbuzi imasuzumira m'kati osaimirira. Mipando ndi iwiri basi, yogundana. Anawagulitsa ndi mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo anawapatsanso chithunzi chodula m'magazini. Pachithunzipo pali galimoto yofanana nayo ikupambana mpikisano kutsidya kwa nyanja, nambala itailemba pachitseko, anthu akukupiza zipewa. A Waisoni anagula penti yoyera n'kulemba nambala yomweyo pachitseko cha yawo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anandipeza pansi pa mango ndikucheza ndi Che Amidu, aja amapalasa njinga kukagulitsa matemba ku Songani.

"Alamu, tawerengani apa, anthu awa asiye kundiseka," anatero a Waisoni akutambasula chithunzi chija.

Ndinawerenga timawu ta m'munsi. Tinkangonena kuti galimoto za mtunduwu zimapangidwira malo amodzi, ndipo injini zake ndi zapachibale.

"Nanga bwanji iyi ili ndi nyali, ya pachithunzi ilibe?" anafunsa Che Amidu. "Iyi mipando iwiri, iyo umodzi?"

"Anangoiweta pang'ono kuti izitha kuyenda pakati pa anthu," anayankha a Waisoni. "Koma mtima ndi womwewo. Make mbuu, mwana mbuu."

"Nayo ng'ombe ya pangolo nyanga zake ndi za atate ake," anatero Che Amidu, "koma inafulidwa."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine poti pepala ndinali nditaligwira m'manja, ndipo pepala ndimaliopa, ndinati inde, ndi yomweyo. Limenelo ndiye yankho loyamba.

Koma kunena zoona, chibwerere galimotoyo palibe anaiona ikuthamanga. Msewu wathu unakumbidwa ndi ngolo, pakati n'kutsala kamtumbira, ndiye galimoto yaifupi ngati imeneyi imayenda ikukhula mimba pansi. Kasingano kosonyeza liwiro kaja sikanadzukepo pamene kanagona.

Tsopano imvani za Lachitatu.

Esitere anali woyembekezera, mimba yoyamba. Matenda anamuyamba Lachiwiri. Ife amuna za m'nyumba imeneyo sitiuzidwa, timangowerenga nkhope za amayi olowa ndi otuluka. Lachitatu dzuwa lili paliwombo, azamba anatuluka thukuta lili kamukamu n'kubwera kumene ndinakhala.

"Aphunzitsi, ife zatikanika. Mwana wagona mopingasa. Mukachedwa mutaya anthu awiri."

Lole ya nsomba imabwera Lachisanu lokha. Pa machila tikanafika kuchipatala ku Zomba mawa lake. A Waisoni anali ataliza kale injini, ndipo amayi awiri anamunyamula Esitere n'kumukhazika pampando. Apa mpamene tonse tinaima n'kumayang'anana, chifukwa mipando inali itatha.

Inu mukudziwa kuti wodwala wotere sapita yekha kuchipatala. Pamafunika mayi ake, omuphikira, omusambitsa, olandira mwana. Mukudziwanso kuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Amayi anga ndi a Waisoni chikwatiwire Esitere sanalankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Mawu onse amadzera mwa ine kapena mwa Esitere, ngakhale onse atakhala pabwalo limodzi.

Ndinati amayi akhale pampandopo n'kumufukata Esitere pamiyendo.

"Uwauze alamu ako kuti zimenezo sizingachitike," anatero amayi akuyang'ana kumbali. "Dzanja lawo lizindigunda bondo njira yonse? Ndapenga ine?"

Ndinati ndiye a Waisoni akamutule kaye Esitere, abwerere kudzatenga amayi.

"Mwana wanga akafere m'manja mwa alendo? Nanga ulendo wachiwiriwo ndikhala pati? Si pampando pomwepo?"

Chibadwire sindinawakwezerepo mawu amayi anga, koma tsikulo ndinakuwa. "Amayi, musankhe! Mwambo kapena mwana?"

Anandiyang'ana misozi ili lengelenge. "Zonse ziwiri ndi zanga," anatero.

Amene anatipulumutsa ndi Che Amidu, omwe ankadutsa ndi dengu lawo la matemba. Anazungulira galimotoyo kamodzi, n'kuloza kachitsulo koikapo sutikesi kumbuyo kwake. Anamasula chingwe cha dengu lawo. Tinapinda bulangeti n'kuliyala pamenepo, amayi anakwera n'kukhala chofulatira, miyendo ili lendelende, maso kumene tikuchokera. Tinawamanga m'chiuno ngati katundu, ndipo iwo anangoti, "Chonchi bola, sitikuonana." Ine ndinakweza ufa, mphika ndi kamtolo ka nkhuni panjinga yanga.

Ulendo wake musaufunse. Galimoto ikukhula pansi, Esitere akulira, a Waisoni akuyendetsa ngati anyamula mazira. Pamchenga wina inatitimira, ine n'kutsika kukankha, amayi ali pamwamba panga akupemphera m'Chilomwe. Che Amidu anamanga dengu lawo ndi luzi n'kutsogola, akuliza belu kuti anthu ndi mbuzi apatuke. Tangoganizani: galimoto ya mpikisano, nambala ili pachitseko, ikutsogozedwa ndi njinga ya matemba. Penapake Che Amidu ankachita kuima kutidikira.

Ataima kachiwiri anandifunsa chapansipansi, osaseka, "Aphunzitsi, ndi yomweyo?"

"Ayi!" ndinayankha mtima ukuwawa. "Chikomekome cha mkuyu ichi." Limenelo ndiye yankho lachiwiri, ndipo ndinalinena ndi mtima wonse.

Tinafika pa Songani n'kulowa mumsewu waukulu. Apa msewu ndi wosalala, koma a Waisoni anapitiriza kukwawa, moti ine panjinga ndinali nawo limodzi. Ndinamvetsa. Ndani angafune kudzatchuka kuti anagwetsa apongozi ake pamsika?

Kenaka Esitere anasiya kulira.

Ine ndinamuona mutu utapendekeka. Amayi sankatha kumuona, koma anamva kuti kwangoti zii. Anaitana dzina lake kawiri, osayankhidwa. Ndiye ndinaona chinthu chimene sindinkayembekeza kudzachiona. Anamenya chitsulo cha galimoto ndi chikhatho, n'kukuwa, osati kwa ine ayi, koma kwa mwini wake:

"Akamwini! Si paja mumati imathamanga? Ithamangitseni, bambo! Mwana akutifera!"

Chimene ndinamva pambuyo pake sindidziwa kuti ndichitche chiyani. Injini inabangula moti amayi ogulitsa nthochi anamwazikana. Fumbi linati kobo. Pamene ndinkapukuta m'maso, mumsewu munalibe kanthu, kupatula duku ya amayi ili pansi. Ndinaitola.

Ndinapalasa ndekha mpaka ku Zomba, mphika ukugogoda kumbuyo. Pofuna kuti ndisaganize za maliro, ndinayamba kuganiza zopusa.

Ndinaganiza za ife ndi zinthu zobwera. Mwa ife alipo angati amene anagula chinthu chenicheni, osati chithunzi chake? Mnzanga wina anagula njinga ya zigwiriro zopindikira pansi chifukwa anauzidwa kuti ndi imene akatswiri amapalasa. Lero amapita nayo kuchigayo atawerama ngati akufunafuna singano. Wina amavala jasi laubweya mwezi wa Okutobala chifukwa bwana wake ku Joni ankavala. Ogulitsa akati "ndi yomweyo", ife sitifunsa kuti yomweyo pa msewu wa ndani.

Ndinafika potsimikiza kuti sabata ino ndiwalembera machona athu mawu owawa m'nyuzipepala muno. Koma nditapalasa pang'ono ndinadzifunsa: ikanakhala kuti a Waisoni anabwera ndi makina osokera ngati munthu wanzeru, bwenzi mlongo wanga ali pati tsopano? Si pa machila, pakati pa njira?

Ndinatembenukira kwa azungu opanga galimoto. Munthu wamutu wabwino angapange bwanji chinthu cha mipando iwiri? Kwawoko sadwala? Alibe apongozi? Kuno ulendo waung'ono ndi wa anthu anayi ndi nkhuku. Komanso nanga akanaika mipando ina, denga ndi malo a nkhuni, ikanauluka mmene inaulukira pa Songani paja?

Ndinatembenukira ku mwambo. Nthawi imene tinataya pabwalo tikukangana za bondo la amayi ikanatha kupha munthu. Ndinakwiya nawo mwambowo. Koma amayi omwewo, amene anakana mpando wofewa, analola kumangidwa ndi chingwe cha nsomba pa chinthu chimene amachiopa ngati ng'ona. Ndiwatche ouma mutu kapena olimba mtima?

Ndinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Galimoto inali pansi pa mtengo, fumbi lokhalokha, nambala ija osaoneka. A Waisoni anakhala pansi atatsamira tayala. Ndinakaima patsogolo pawo. Anangokweza mutu n'kunena kuti, "Wachira. Wamkazi. Onse ali moyo." Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Misozi itauma, uphunzitsi unabwerera. Ndinafuna kudziwa: kodi inathamanga ngati ya pachithunzi? Mboni zinalipo zitatu.

Esitere, titaloledwa kumuona mawa lake, anati sakukumbuka kalikonse.

Amayi ndinawapeza pakhonde, tsitsi lili lofiira ndi dothi. Ndinawapatsa duku yawo n'kuwafunsa. "Ndinatsinzina," anatero. Kenaka anayang'ana kumbali, pamene a Waisoni anali ataima mapazi atatu okha kuchokera pomwe tinali. "Uwauze alamu ako kuti zikomo. Uwauzenso kuti pobwerera ndikwera lole ya nsomba."

"Muwauze kuti ndamva," anatero a Waisoni akuyang'ana pansi. Za kukuwa kwa pa Songani palibe anatchulapo, ndipo ndikuona ngati sizidzatchulidwanso.

Inatsala mboni imodzi. Tili awiri ndinati, "Alamu, kasingano kaja kanafika pati?"

"Sindinakaone."

"Simunakaone bwanji? Chaka chonse mwakhala mukudikira tsiku limeneli!"

Anatulutsa chithunzi chija m'thumba, chitanyowa ndi thukuta, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Maso anga anali pa kagalasi koonera kumbuyo," anatero. "Mzungu wa pachithunziyu akamayang'ana pagalasi, amafuna aone ngati anzake wawasiya. Ine ndimayang'ana kuti ndione ngati apongozi sindinawasiye."

Anapinda chithunzicho n'kundifunsa, ngati kuti ine ndiye ndinali pachiwongolero, "Ndiye alamu, ndi yomweyo kapena ayi?"

Ndinati sindikudziwa. Limenelo ndiye yankho lachitatu, ndipo mwa atatuwa ndi lokhali limene ndingalumbirire.

Chingwe cha Che Amidu chikadali kwa ine. Lamulungu akubwera kudzachitenga pansi pa mango, ndipo ndikudziwa kuti sachoka osandifunsanso. Inu amene mumadziwa za injini, tandithandizani: galimoto imene inathamanga kamodzi kokha, popanda woiona, mwini wake akuyang'ana kumbuyo, ndikawauze kuti inapambana mpikisano kapena ayi?