Ambululu a Zipora pakhoma la ku Nathenje

Zipora Chimutu anabadwira pa esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu, makolo ake ali matenanti. Sukulu anailekeza folomu 2, osati chifukwa cha mutu ayi, banja limenelo mutu ngwabwino kuyambira kale. Chaka chotsatira zisankho za matipate analembedwa ntchito ya zaumoyo. Ankazungulira midzi pa njinga, sikelo ya ana ili pakaliyala, mwana aliyense wodwala n'kumulemba m'kope.

Mudzi umene unkadzaza kopelo unali wa Mphanda. Ana kumeneko ankangotsegula m'mimba, poti chitsime chawo chinali cha kudambo, chomwera limodzi ndi ng'ombe.

Tsono bungwe lina linati likumba mjigo umodzi wokha, ndipo a zaumoyo akafotokoze ku Nathenje mudzi umene ukuvutika kwambiri. Zipora anatha sabata yathunthu akujambula pa mapepala okhuthala a manila. Anajambula ana makumi anayi, odwalawo n'kuwapaka chikasu. Anthu ansanje ankati anawo akuoneka ngati mbatata. Mbatata ya makutu anaionera kuti?

Mu holo munali chinthu chomwe Zipora anali asanachionepo: pulojekita, bokosi la galasi pamwamba lowalitsa zolemba pakhoma. Anayamba kulankhula ndi a Lackson, a zaumoyo a ku Nathenje konko, atamanga taye. Manambala awo anadzaza khoma ngati linthumbu, mizere makumi awiri. A Yona, bwana wa bungwe lija, anayasamula mpaka misozi.

Itakwana nthawi yake, Zipora anayala pepala lake pagalasipo. Khoma lonse bii!

"Achemwali, mwatithimitsira dzuwa?" anatero a Lackson, anthu n'kuseka. "Makinawa safuna katoni. Amafuna chinthu choonekera, kuwala kuzidutsa."

"Choonekera?"

"Eya. Kwanuko simunamve?"

Zipora anachotsa pepala lija pagalasipo. Mapepala onse asanu anali okhuthala chimodzimodzi, ndipo mjigo unali kupita akuona. Anapisa m'chikwama natulutsa botolo la madzi omwe anatunga pa chitsime cha kwa Mphanda m'mawawo. Pa tebulo la mabwana panali mbale ya galasi ya masiwiti. Anagwada pang'ono mwaulemu, masiwiti khuthu patsogolo pa a Yona, mbale pagalasi, madzi m'mbale.

Pakhoma panadutsa chinthu cha mutu ngati dzungu, mchira ukupindika. Kenako chinzake. Kenako chachitatu, chachikulu ngati mbuzi. Mayi wina anakwera pa benchi akuitana Yesu.

"Khalani pansi mayi, ndi ambululu chabe," anatero Zipora. "Bwana, madzi amenewa ndi amene wamwa Rozina lero, mwana wa zaka zitatu. Dzinja lino amake agonekedwa naye kuchipatala kawiri, akumubereka kumsana mpaka ku Mitundu. M'mudzimo muli ana makumi anayi. Khumi ndi asanu ndi awiri adwala ngati iyeyo. Mawa amwanso omwewa."

Maso onse anali pakhoma. Ambululu okha ndiwo ankayenda.

A Lackson anaimirira akukonza taye. "Bwana, tisapusitsane. Mwa sayansi, mbululu satsegulitsa m'mimba."

"Zoona achimwene, mwaphunzira inu," anatero Zipora, nanyamula mbale ija ndi manja awiri. "Ndiye imwani."

A Lackson anayang'ana mbale, mbululu mmodzi naye n'kuwayang'ana.

"Ndangomwa tiyi kumene."

"Kamodzi kokha, mutsitsire tiyiyo."

"Ndati ndilibe ludzu, mayi!"

Holo yonse inagwa nacho chiseko, a Yona mpaka kumenya tebulo, masiwiti kugwera pansi. Atapuma anapukuta m'maso, natulutsa cholembera m'thumba la malaya.

"Mayi Chimutu, mudzi uja mwati dzina lake ndani? Nenani pang'onopang'ono, okumba mjigo angasochere."