Galimoto ya a Dikirakaye

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Mumsewu monse ankawatchula a Dikirakaye, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankatuluka pakamwa pawo munthu akangotambasula dzanja kuti alandire makiyi a galimoto yake. Anali makaniko, ndipo galaja yawo inali kuseri kwa nyumba: denga la malata, mashelefu akuda ndi girizi, ndi benchi limene makasitomala ankakalambirapo.

Ntchito yawo inkachokera kwa anthu osakhutira ndi mmene galimoto inabadwira. Wina ankafuna ikwere m'mwamba, wina itsike mpaka kununkhiza msewu, wina injini izilira ngati yakwiya. Ankabwera ndi makatoni a masipuling'i, mashoko ndi mashafuti onyezimira, akumwetulira ngati apambana mpikisano. A Dikirakaye ankatulutsa chitsulo chimodzichimodzi, kuchitembenuza, kuchiyerekeza ndi chakale, kenako n'kupukusa mutu.

"Ichi si cha galimoto yanu, achimwene."

"Koma wogulitsa anati chimalowa paliponse."

"N'chimene ndikuchikanira. Chitsulo cholowa paliponse chimatulukanso paliponse, ngakhale pamtsetse."

Pansi pa galimoto yodalira jeke yokha sankalowa ngakhale mutawagwadira. Ankayamba aika timizati tachitsulo, n'kuigwedeza galimotoyo ndi phewa kuti aone ngati yakhazikika. Sipuling'i ankaimasula ataipana kaye ndi zopanira, poti anaonapo mnzawo wina atatsala ndi mano a mbali imodzi sipuling'i itamumenya. Anthu ankadandaula, ankatukwana chamumtima, koma ankabwereranso, chifukwa galimoto yotuluka m'manja mwa a Dikirakaye sinkathyoka mwendo panjira.

Amene anadikira kuposa makasitomala onse anali akazi awo. Tsiku limene ankawafunsira, a Dikirakaye analonjeza chinthu chimodzi chokha: adzawayendetsa pa galimoto yawoyawo, atakhala kutsogolo, aneba akuona. Ndipo sanali abodza. Mwana woyamba akuyamba kukwawa anagula chigoba cha galimoto yakale, n'kuchikhazika pa timizati pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Mwanayo anayenda, anapita kusukulu, anakwatiwa, anabereka wake wokwawa. Galimoto ili pomwepo.

Osati kuti sankaigwira, ayi. Ankaigwira mopitirira. Injini anaiika, n'kuichotsanso chifukwa malabala oikhazikapo sanawafike pamtima. Giyabokosi inkalowa ndi kutuluka ngati mlendo wosowa pogona. Mashoko amene kasitomala akanawavinira, iwo ankati akazi awo ayenera abwino kuposa pamenepo. Chikondi chotere chimapweteka, kunena zoona: mayiwo ankakwera basi yodzadza, katundu ali pamiyendo, kwinaku galimoto yotetezeka kuposa zonse m'tauni ikuyanikidwa matawulo.

"Bambo a mwana, kodi ndidzaikwera ndili wamoyo, kapena idzanyamula bokosi langa?"

"Dikirani kaye, mayi. Kuthamanga sikufika."

"Nanga kukhala pa timizati ndiye kufika?"

Zaka zinadya tsitsi la a Dikirakaye, kenako zinayamba kudya maso. Manambala a pa sipanala ankawawerenga ataigunditsa pamphuno, ndipo nati ikagwa pansi ankaifufuza ndi chikhatho. Sanauze munthu. Manja ankadziwa ntchito okha, choncho makasitomala ankangoti akuluwa awonjezera kusamala.

Tsiku lina m'mawa analowa m'khitchini akupukuta manja, n'kunena ngati nkhani wamba kuti galimoto yatha. Mayiwo anasiya mbale zili ndi thovu, osafunsa kawiri. Anatulutsa diresi imene inakhalitsa pansi pa sutikesi, nsapato zothina, ndi kachikwama kopanda kanthu m'kati. Mbiri inathamanga, aneba anaunjikana pampanda.

Galimoto inatsika pa timizati take, matayala n'kugunda dothi. Panatsala ntchito imodzi imene a Dikirakaye sankaidumpha kwa aliyense. Mabawuti odutsa m'malabala a miyendo ya galimoto sawamangitsa galimotoyo ili lende m'mwamba, chifukwa ikatsika malabalawo amapotoka n'kung'ambika msanga. Amawamangitsa itakhala pansi, itanyamula amene iziwanyamula.

"Lowani, mayi," anatero akutsegula chitseko. "Mukhale mmene muzikhalira."

Mayiwo anakhala, msana uli njo, kachikwama pamiyendo. Amuna awo anagona chagada pa katoni n'kudzikokera pansi pa galimoto. Anaimva kuti yatsika pang'ono ndi kulemera kwa akazi awo, ndipo anamanga bawuti iliyonse mpaka sipanala yoyezera italira kuti tiki. Atatuluka anasamba m'manja, anakhala pa mpando wa dalaivala, n'kupotokola kiyi. Injini inayankha nthawi yomweyo, mosalala, moti aneba anawomba m'manja.

Anagwira chiwongolero nayang'ana kutsogolo. Geti inali chifunga. Msewu kuseri kwake unali chifunga chokulirapo, ndipo m'chifungamo munkadutsa timithunzi taphokoso timene anatizindikira ndi makutu okha: ana opita kusukulu. Anapukuta galasi ndi mkono wa ovolosi, koma galasilo linali loyera kale.

Munthu uyu moyo wake wonse ankakaniza galimoto kutuluka pageti chifukwa cha nati imodzi yokayikitsa. Tsopano phazi linali pa kilatchi, giya italowa kale, koma chokayikitsa chinali maso ake.

"Tikudikiranso chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Sindikuona msewu, mayi. Papita nthawi ndisakuona bwino."

Anabweza giya pakati, dzanja n'kulunjika pa kiyi.

Mayiwo anawayang'ana. Anali ndi mawu a zaka zonsezo ataunjikana pakhosi, ndipo akanawakhuthula pomwepo palibe akanawadzudzula. Koma anangogwira dzanja lija lisanafike pa kiyi.

"Isiyeni ilire, bambo a mwana. Ndangokhala kumene."

Anatsitsa galasi la mbali yawo, anakonza tsitsi, n'kuyamba kubayibitsa anthu a pampanda mmodzimmodzi.