Buludoza pamanda a Ababa

Ababa, lero ndadutsa pa komboni yakale ya kumgodi, ndapeza buludoza itagwetsa mkuyu womwe tinakuikani pansi pake. Akuti akumanga msewu wa malole a miyala, chitukuko chafika ku Bindura. Foromani wawo wandiuza m'maso muli gwa kuti pamenepo palibe manda, poti sanaone mwala wolembedwa dzina. Zonyansa! Ife tinaika mbale yanu yachitsulo kumutu, monga munandiphunzitsira pamanda a agogo. Paja mbale ya agogoyo ndinaiika chagada, inu n'kundimenya padzanja: "Vundikira, iwe, ukufuna akadye madzi a mvula?" Mbale yanuyo ndaitola m'ngalande, itapindika.

Munakumba golide wawo mpaka chifuwa chinakumalizani. Mawa ndikakhala pamanda panupo, ayambe aponda ine.