Mphini za amayi pachinsalu

Mng'ono wanga wa ku Blantyre ndi munthu wokonda zachilendo. Chikatuluka chatsopano pafoni, iye ndiye amayamba kuchiona, koma ntchito yake imagwera ine. Chaka chathachi anapeza anthu oti ukawatumizira chithunzi, amachisindikiza pachinsalu choyera, chogawidwa m'timagawo ta manambala. Amakupatsanso timabotolo ta penti, kalikonse ndi nambala yake. Iwe n'kumangopaka: pamene alemba 4 uikepo penti wa nambala 4, mpaka nkhope ituluke.

"Achemwali, tipange cha amayi," anatero pafoni. "Mupenta ndinu. Si ndinu aphunzitsi, mumajambula pabolodi?"

Pabolodi ndimajambuladi, koma nsomba zanga ana amati ndi chinangwa.

Tinasankha chithunzi chimene amayi anajambulidwa pa ukwati wina kwa Maseya, atavala duku lawo lobiriwira, atayang'ana chambali. Kenako mng'ono wanga ananditumizira zitsanzo zitatu kuti ndisankhe. Choyamba chinali cha mitundu 12, magawo ake akuluakulu. Chachiwiri cha mitundu 24. Chachitatu cha mitundu 36, timagawo take ngati njere za mchewere. Ine mtima unali kale pa choyamba. Maso anga anayamba kufooka, ndipo ulesi wanga sindiubisa. Komanso amayi ankaoneka bwino pamenepo, nkhope see, ngati namwali.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa masawu akupeta mapira, n'kuwaonetsa foni monyadira.

"Mbani uyu?" anafunsa. Amayi akadabwa amathawira ku Chisena.

"Ndinu, amayi."

"Nkhabe. Mkazi wokongola ndithu, koma sindikumudziwa. Mubwezere kwawo."

Amayi anabadwira kutsidya, ku Mozambique. Ali mtsikana, amayi awo anawatema mphini m'masaya, timizere tating'ono, monga ankachitira akazi akumeneko. Anawoloka kubwera kuno nthawi ya nkhondo, ndipo mayi awo sanawaonenso. Ine mphinizo ndinakula ndikuziona tsiku ndi tsiku mpaka ndinasiya kuziona, moti sindinazindikire n'komwe kuti chitsanzo choyambacho chazifufuta zonse.

Ndinawaonetsa chachiwiri. Mphini zinasanduka kadontho kakuda.

"Apa ndiye mwandipaka mwaye," anatero.

Pa chachitatu anaika lichero pansi. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chili patsaya.

"Eya, uyu ndine. Amayi anga sanajambulitsepo chithunzi, mwanawe. Chimene anandisiyira ndi dzanja lawo lili pankhopeli. Ukalifufuta, wajambula munthu wopanda mayi."

Manyazi anandigwira. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti aitanitse cha mitundu 36, iye n'kuseka chikhakhali chifukwa amandidziwa.

Katunduyo anafika pa minibasi ku boma la Chikwawa mu Okutobala. Amene anapanga pentiyo sanayendepo kuno mwezi umenewo. Ndi kutentha kwa kunoku, penti ankauma pakaburashi ndisanafike naye pachinsalu, ndipo timabotolo tiwiri tinayamba kulimba ngati phala logona. Amayi ndiwo anapeza nzeru: anamanga timabotolo tonse m'jumbo n'kulimiza mumtsuko wa madzi akumwa. Zinathandiza, kungoti tsiku lina alamu anga akutunga madzi anavuula jumbolo ndi chikho, n'kuliponya uko akuganiza kuti taika mankhwala. Tinaseka mpaka misozi, iwo madziwo anawakana ndithu.

Walira mvula walira matope. Duku lokha linanditengera masabata awiri, chifukwa kubiriwira kwake kunali kwa mitundu isanu. Madzulo aliwonse ndikaweruka, ndinkakhala pakhonde magalasi ali pamphuno, ndikusaka nambala 27 ngati singano yogwera mumchenga. Amayi ankadutsa kumbuyo kwanga n'kumapereka ndemanga. "Mphuno iyo ndi ya bambo ako." "Khutulo walitenga kuti?" Ndinkang'ung'udza, koma kunena zoona ndinkasangalala. Sindinayambe ndayang'anitsitsapo nkhope ya amayi motalika chonchi, ndipo ndinaikonda.

Mphini ndinazisiya kuti zikhale zomaliza, chifukwa ndinkaziopa. Tsiku lake litafika, ndinangoviika kaburashi, amayi n'kutambasula dzanja.

"Patse kuno."

"Amayi, dzanja lanu limanjenjemera."

"La amayi anga silinkanjenjemera ngati? Ankatema uku akulira nane."

Anakhala pampando wanga, lilime lili pakati pa mano ngati mwana wa sitandade wanu, n'kudzaza timizere timene tinalembedwa. Atamaliza anawerenga ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Makina akowa aona zisanu. Amayi anatema zisanu ndi ziwiri patsaya ili. Ndikudziwa, ndinakuwa kasanu n'kawiri."

Ndinawayang'ana pafupi. Zinalipodi, ziwiri, zitabisala m'makwinya. Anaviikanso kaburashi n'kuzilemba pamalo opanda nambala, zokhota pang'ono, zakuda kuposa zinzake. Ndinaganiza zoti tizikonze, koma ndinazisiya momwemo.

Chithunzicho tinachipachika pabalaza, pamwamba pa wailesi. Amayi anabwerera m'mbuyo, anapukuta manja pachitenje, n'kuchiyang'ana akumwetulira.

"Basi," anatero. "Amayi anga nawonso awoloka."