Ndowa ya Azakhali a Mopu

Kwa zaka makumi awiri akhala akukolopa m'wodi ya ana ochitidwa opaleshoni ya m'mimba, ndipo dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Ana amangoti Azakhali a Mopu. Sukulu sanapite nayo patali, koma wokolopa pansi pa mabedi amaona zimene dokotala woimirira sangaone.

Pabedi la pafupi ndi zenera panagona kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Matumbo ake anapotana, madokotala n'kuwawongola. Tsiku lachitatu dokotala anafunsa mayi ake ngati mwanayo watulutsa mpweya, poti ndicho chizindikiro chakuti matumbo ayambanso kugwira ntchito.

"Ayi adokotala, wanga sachita zimenezo pagulu," anayankha mayiwo, monyadira ndithu.

Dokotala sanaseke. Anati pakapanda kusintha pofika mawa, mwanayo abwerera ku fiyeta kukachitidwanso opaleshoni.

Azakhali anamva zonsezi ali chowerama, mtima n'kuwawawa. Anaona timiyendo titapanikizana, tizala titakwinya nsalu, timaso tikuyang'ana mayi ake mwamantha. Mwanayo analeredwa bwino, ndipo ulemu womwewo ndi umene unkamubwezera kumpeni.

Azakhali anasendera kumutu kwa bedi ngati akupukuta chitsulo.

"Iwe, ukuusunga eti?" ananong'oneza.

"Amama amakalipa. Komanso anthu amva."

"Ndowa yangayi ukuidziwa? Ikayamba kulira, ngakhale galimoto simveka. Ndikaikoka, iwe umasuke."

Ndowayo ndi yachitsulo, yakalekale, ndipo anamwino amadana nayo. Azakhali anaikhwekhwereza pasimenti mwadala, kuchoka pazenera mpaka pakhomo, phokoso lake logonthetsa m'khutu. Namwino wamkulu anatulukira atakwiya. Iwo anapepesa mwaulemu, n'kuikokanso pobwerera.

Atafika pabedi paja anapeza nkhope ya mwana itamasuka, akuseka mobisa, dzanja lili pabala.

"Zatheka, azakhali. Kawiri."

"Amayi, thamangani mukauze adokotala," anatero Azakhali. "Mwana wanu waphwisa."

Mayi aja anagwira pakamwa ndi manyazi. Kenaka anamvetsa tanthauzo lake, misozi n'kuyamba kutsika. Anagwada pambali pa bedi, n'kupsompsona chipumi cha mwana amene ankamukalipira pa chinthu chomwechi kuyambira ali wamng'ono.

"Bwerezanso, mwanangu," anatero akulira. "Wodi yonse imve."

Azakhali anafinya mopu wawo n'kupita pabedi lotsatira, ndowa atainyamula m'manja kuti isasokose.