Dima la kwa a Nachisale

Ndikukumbukira Lolemba lina la mu Seputembala, ndili Fomu 3 pa sekondale yoyendera kufupi ndi Mikolongwe. Nandolo anali atauma m'minda, akulira ngati maseche mphepo ikawomba. Chaka chimenecho anzanga anandisankha kukhala tcheya wa kalabu yothandiza anthu m'midzi. Sikuti ndinali ndi luso. Ndinali mtsikana wolankhulira kukhosi, ndipo zimene ndinkalephera kunena masana ndinkazilemba madzulo m'kabuku kanga. Anzangawo anaona kuti tcheya wotere sangawakalipire.

Pa asembule, Madamu Kachingwe, amene ankayang'anira kalabu yathu, analengeza kuti a mpingo atilozera nyumba yoti tikafolere mvula isanagwe. "Ndi ya mayi wina wamasiye wovutika kwambiri, a Nachisale, kuseri kwa dibi la ng'ombe," anatero. "Elube akutsogolerani Loweruka."

A Nachisale anali amayi anga. Kumudzi ankaitanidwa ndi mfunda wawo, pamene ine kusukulu ndinkadziwika ndi dzina la malemu bambo, ndiye panalibe amene analumikiza awiriwa. Yunifolomu yanga inkakhala yosita nthawi zonse, ndi makala opempha kwa anansi. Palibe amene ankadziwa kuti ndimachokera m'nyumba imene ukagona chagada umaona nyenyezi padenga. Amene ndinkamuopa koposa anali Biziwiki, mnyamata wa pakamwa ngati wailesi, wopatsa anthu mayina osafufutika. Mtsikana wina anabwera ndi chinangwa m'thumba kamodzi kokha, koma anamaliza sukulu akutchedwa Nachinangwa.

Kawiri konse ndinafika pakhomo pa ofesi ya aphunzitsi kuti ndiwauze Madamu, koma ndinabwerera osagogoda. Lachitatu ndinawauza amayi tikupala chinangwa pakhonde. Anasiya mpeni, nayang'ana denga lawo nthawi yaitali.

"Akuti wovutika kwambiri?"

"Eya."

"Nanga abwera angati anzakowo?"

Nditawauza, anadzuka n'kupita kwa anansi kukapempha chimera. Mawa lake anapungula chimanga m'thumba lokhalo limene linatsala n'kupita nacho kuchigayo. Ndinangoona thumba lija litafwapa, mantha anga n'kukhala awiri.

Loweruka dzuwa linatuluka lolusa. Tinanyamuka kusukulu titasenza mitolo ya udzu, anyamata atanyamula nsungwi ndi luzi. Udzu unkandiyabwa m'khosi, thukuta likutsikira m'maso, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono ngati njirayo ndi yachilendo. Tinadutsa fungo la mankhwala a padibi, tinakhota pamtengo wa mango, kenaka chinatulukira chimene sindinachiganizire sabata yonse: galu wathu, Ndamva. Anathamanga kulambalala anthu onse, nadzandilumphira ine pachifuwa, mchira ukugwedezeka ngati uduka.

"Atcheya," anatero Biziwiki mokweza, "galu wa ovutikayu akukudziwani bwanji?"

Onse anaseka. Ndinaona Madamu akundiyang'ana, kenaka akuyang'ana nyumba, nkhope yawo ikusintha. Ndisanayankhe, chitseko chinatsekuka. Amayi anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku loyera. Bwalo linali losesedwa, ndipo pansi pa mpapaya panali mbiya yaikulu yovundikira ndi lichero.

"Takulandirani, aphunzitsi. Takulandirani, anzake a Elube wanga," anatero mosaphethira. "Mwachita bwino kubwera ku dima. Kwathu kuno nyumba ikafuna manja ambiri timaphika thobwa n'kuitana anansi. Wogwira ntchito amwa, waulesi anunkhiza."

Anavundukula mbiya ija. Fungo la chimera linadzaza bwalo lonse, lotsekemera, lowawasa pang'ono. Ine ndinkangodikira dzina langa latsopano.

"Mayi," anatero Biziwiki akutsitsa nsungwi, "nanga wogwira kawiri?"

"Amwa kawiri, mwanawe. Koma ndione kaye denga."

Kuseka kumene kunamveka apo kunali kwina, kopepuka. Anyamata anakwera padenga n'kuyamba kusasula udzu wakale, mwaye ukutigwera m'tsitsi. Atsikana tinaponda dothi lozirira pansi. Madamu anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Elube, bwanji osandiuza?" Koma sanandikakamize. Anangomanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuponyera anyamata mitolo.

Dzuwa lili paliwombo ndinaona Biziwiki akusunthira pa phaso lina limene chiswe chinali chitalidya kalekale. Sindikudziwa kumene mawu anachokera. "Iwe Biziwiki, choka pamenepo!" Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Iye anadumphira kumbali, phaso n'kuthyoka lokha pamene anachotsa phazi.

"Aa, kodi atcheya ali ndi mawu!" anatero atakhala pamtanda, akupuma mwabefu. "Tinkayesa munawasiya kusikelo."

Pomwa thobwa chikho chinkazungulira, aliyense akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Amayi anamuthirira Biziwiki kawiri monga analonjezera. Lolemba lotsatira ndinalowa m'kalasi mtima uli m'mwamba, ndipo dzina ndinalipezadi likundidikira: Mwana wa a Nachisale a Thobwa. Ndinaliyankha mpaka kumaliza Fomu 4. Chimanga chija chinatithera msanga chaka chimenecho, tinadya chinangwa masiku ambiri, koma amayi sanadandaulepo. Mvula yoyamba itagwa tinagona osatchera mabeseni.

Lero nyumba ija ili ndi malata, ndipo kwathu dima silimvekanso kawirikawiri, aliyense amafuna ganyu. Ana asukulu akadathandizabe m'midzi, ndipo ndimawayamikira. Zithunzi zawo zimafika pafoni yanga: gulu litaima mosangalala, pakati pawo mayi atagwira paketi ya shuga, maso ali pansi. Ndikaona chithunzi chotere ndimachikulitsa ndi zala. Ndimayang'ana m'mbali, mwina pali mtsikana amene akubisala kumbuyo kwa anzake. Kenaka ndimayang'ana pansi pa mtengo, ngati pali mbiya.