Zala zanga pa Ctrl ndi S

Achimwene, lero ku ofesi mnzanga wandifunsa amene anandiphunzitsa kulemba pa kompyuta osagwira mausi. Ndakumbuka tsiku lija ku Madisi, magetsi atathima ndikukutayipirani mayeso a ana a m'kalasi mwanu, zonse n'kufufutika. Ndinalira, koma inu simunakalipe. Magetsi atayaka munagwira zala zanga n'kuziika pa mabatani a Ctrl ndi S. "Ukamaliza chiganizo uzidina apa kuti zisungike," munatero.

Munalonjeza kudzandionetsa mabatani enawo sukulu ikatsekera. Inatsekera muli gone m'chipatala ku Mtengowanthenga, ndipo simunabwerereko. Enawo ndinaphunzira ndekha mpaka ndinapeza nawo ntchito. Chimandiwawa n'chakuti munandisiya ndikulembabe ndi chala chimodzi. Pumulani bwino, achimwene anga.